Kodi Arctic Monkeys idataya mayimbidwe ake akale?

Wa ku Lizulu: Abale anga, ndakhala ndikutsatira gulu loyimba la Arctic Monkeys la ku Sheffield, ku England, kuyambira pa chimbale chawo choyamba cha 2006, koma The Car, chomwe chidatuluka mu 2022, chandisiya ndi mafunso. Kodi magitala aukali aja adapita kuti, popeza tsopano kwachuluka piyano ndi mavayolini?

Mayi wa pa Dedza boma: Achimwene, kusinthaku kudayamba mu 2018, pomwe kudatuluka chimbale cha Tranquility Base Hotel & Casino, chomwe nyimbo zake woyimba wa gululi, Alex Turner, adazipeka pa piyano. Ine ndikuchikonda chimbalechi, chifukwa munthu akakula sangapitirize kuyimba za anyamata oyendayenda usiku ngati kuti zaka sizikupita, ndipo mawu ake tsopano amafuna kuwamvera mwachifatse.

Wa ku Tsangano: Pepani mayi, sindikugwirizana nanu. Ambirife chidatikoka ndi ng'oma za Matt Helders, koma pano akuziyimba mofatsa kwambiri moti m'minibasi yopita ku Ntcheu, injini ikangolira pokwera mtunda, sindimva kanthu ngakhale nditavala mahedifoni. Luso lilipo ndithu, koma ine ndimabwererabe ku chimbale chawo cha AM cha 2013.