Zigoba za nkhono m'chitsime kumudzi, ndizibweretse kuno ku Johannesburg?

Abale a m'gulu muno, ndigawireniko nzeru. Ndinatumiza ndalama kwathu ku Karonga kuti mng'ono wanga akumbitse chitsime m'chigwa, kutali ndithu ndi nyanja. Makande atatha, pa mamita 4, apeza mchenga woyera wodzaza zigoba za nkhono, zina zolimba gwa ngati mwala. Pa zithunzi za pa WhatsApp zina n'zobulungira, zina zazitali zosongoka ngati kachala ka mwana. Amayi akuti n'zamatsenga, chitsime chikwiriridwe. Malipiro anga a miyezi iwiri amenewo! Ndimagwira ntchito ku Braamfontein, pafupi ndi yunivesite ya Wits. Ndimuuze azikweze pa basi ndikawaonetse akatswiri kumeneko?

Bambo a Chisomo: Achimwene, mukufuna mukafotokoze chiyani pa Beitbridge? Anthu akutumiza usipa, inu zigoba.

Nachisale wa ku Yeoville: Musazitole n'kuziunjika m'thumba, mukatero nkhani yake yatha. Wofufuza amafuna adziwe chigoba chilichonse chinali pa mamita angati, m'dothi lotani, pamwamba ndi pansi pake panali chiyani. Nkhono zimasankha pokhala. Zina n'zapamtunda, zina za m'madzi oima a m'dambo monga zija zofalitsa likodzo, zina za m'mphepete mwa nyanja. Ndiye mukapeza za m'madzi pansi, zapamtunda pamwamba pake, mwadziwa kuti madzi anaphwa pamalopo. Ndipo nyanja yathu sikhala pamodzi. Kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 inatsika moti inasiya kuthira madzi mu Shire. Amayi muwauze mwaulemu kuti pamene akulimapo panali madzi kalekale, si munthu anakwirira zimenezo.

Madala Gondwe: Mwana wanga, ukudutsiranji akatswiri pakhomo pako? Ku Karonga kuli miyala ya Chiwondo, yokhala ndi zigoba zotere. Ku Uraha mu 1991 anapezako chibwano cha munthu wamakedzana, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Mng'ono wakoyo apite ndi zithunzi ku museum ya pa boma, kuja kuli mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana chija.

Nachisale: Zoona madala. Komanso ngati zili zakale choncho, njira yoyezera zaka za zinthu yotchedwa radiocarbon singathandize, imalekezera pa zaka 50,000. Ndipo zinthu zakale zokumbidwa pansi sizituluka m'dziko popanda chilolezo cha boma. Ku Wits mukhoza kungoonetsa zithunzi pa foni, koma azijambulanso zili m'khoma la chitsime, ataika ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kuoneke.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndamuimbira, akuti ana atola kale zodzaza chigubu, akuseweretsa bawo. Za m'khoma zilipobe. Koma anzanga, okumba aja ndiwaimitse mpaka a museum abwere? Amalipidwa pa tsiku, ndipo madzi sanawapezebe.