Mapepala a agogo anga osema miyala akufunidwa ndi mzungu, nditani?

Membala wosatchula dzina:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Agogo anga aamuna anachoka kwawo ku Dedza ali mnyamata m'zaka za m'ma 1950, n'kukalowa ntchito m'mapulazi a fodya ku Guruve m'dziko la Zimbabwe, kukadali kutchedwa Sipolilo. Fodya atalowa pansi anayamba kusema miyala ku Tengenenge, mudzi wa osema ziboliboli ku Guruve komweko, ndipo anasema mpaka manja atayamba kunjenjemera. Anatisiya chaka chatha osapondanso kumudzi. Maliro ndinayendetsa ndine, bokosi, ufa, galimoto, zonse. Azakhali anabwera chimanjamanja koma pochoka ananyamula wailesi, mbuzi ndi hamala ya agogo, chonsecho sadziwa n'kugwira komwe. Amalume sayankha foni kuyambira tsiku la sadaka. Alamu anga akuuza anthu kuti ndinadya ndalama za chipepeso, Mulungu ndi mboni.

Tsono nkhani ndi iyi. Agogo anasiya bokosi lachitsulo. Muli chitupa chawo chakale, makalata ochokera kumudzi, zithunzi, makadi oitanira ku zionetsero za ku Harare ndi ku Netherlands, komanso makope momwe ankalemba mwala uliwonse: kachithunzi ka pensulo, tsiku, mtengo ndi wogula. Mzungu wina wa ku Ulaya akuti akulemba buku, akufuna atenge zonse akazisunge kwawo, ndipo akuti andipatsa kenakake. Akubwera mwezi wamawa. Ndimupatse?

Mchona Weniweni:
AYI! Musamupatse ngakhale envulopu yopanda kanthu. Anthu inu simudziwa mbiri yanu, n'chifukwa chake mumabwera kudzafunsa zoterezi. Tom Blomefield, mzungu wolima fodya, anayambitsa Tengenenge mu 1966 chifukwa Ian Smith atalengeza ufulu wake wa 1965 mayiko anatseka malonda, fodya anasowa msika. Ndiye amene anagwira hamala ndi tchizulo pamenepo anali ndani? Antchito a papulazi! Achewa, Ayao, anthu ochokera ku Mozambique, Zambia, mpaka Ambunda a ku Angola. Lemon Moses wa ku Malawi. Josiah Manzi, makolo ake Ayao a ku Malawi. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, amene ankasema anthu oimba mluzu, maso otsinzina aja. Koma lero dziko lonse likuti ziboliboli za Ashona. Miyala inapita, dzina linapita, tsopano mapepala apitenso?

NaPhiri wa ku Bindura:
Pepani ndi maliro mwanawe. Azakhali oterowo aliponso kwathu. Bambo anga atamwalira anachotsa ndi malata omwe padenga, ife tili kumanda. Musawasiye, pitani nawo kwa amfumu za mbuzizo.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndifunse kaye. Agogo aakazi alipo? Ana a malemu atsala angati? Nanga bokosilo panopa lili m'nyumba mwa ndani? Mwatiuza za wailesi ndi alamu, koma izi simunanene, ndipo yankho lagona pamenepo. Mdzukulu sangagulitse chuma cha masiye payekha ana a malemu ali moyo.

Jah Wa Ku Joni:
Kenakake ndi zingati achemwali? Ngati ndi mayuro, hamala ija ndikugulirani ina ine 😂

Mchona Weniweni:
Mwaona? Achinyamata a masiku ano zonse nthabwala. Abambo anga anabadwira pa pulazi ku Mvurwi, msonkho analipira moyo wawo wonse, koma chitupa chawo chinalembedwa ALIEN, kutanthauza mlendo. Lamulo la unzika la 2001 litabwera anauzidwa kuti akane unzika wa Malawi, dziko limene sanaliwonepo ndi maso. Mapulazi atalandidwa kuyambira 2000 ife tinalibe kumudzi kothawira. Tinkatchedwa mabhurandaya, dzina lotinyoza lochokera ku mawu akuti Blantyre. Ndiye wina akubwera apa n'kumafunsa za mayuro.

Mayi a Tadala:
Bambo Mchona, zimenezo n'zoona koma si zimene mwanayu wafunsa. Komanso musaiwale kuti pa Tengenenge pomwepo panali Henry Munyaradzi ndi Bernard Matemera, eni nthaka, ndipo amene anaonetsa Blomefield kuti m'phirimo muli mwala wosemeka ndi Crispen Chakanyuka. Anthu ankasema limodzi. Tisagawanitse akufa.

Mchona Weniweni:
Mayi, sindinakane zimenezo. Ndikuti pitani ku Chapungu, malo oonetsera ziboliboli ku Harare, kapena tsegulani buku lililonse la zionetsero, muwerenge kuti mawu akuti Chewa akupezekamo kangati. Nkhope zina za pa miyala ija n'za gule wamkulu, amene analowa kudambwe amadziwa. Frank McEwen wa ku National Gallery anatengera ziboliboli ku Musée Rodin ku Paris mu 1971, dzina limene linamveka kumeneko ndi liti? Ine ndimalankhula zimene ndikudziwa.

Wa Ku Laibulale:
Ndasunga mabuku ndi mapepala akale kwa zaka zambiri, ndiloleni ndinene zogwirika. Choyamba, chilichonse chimene mungasankhe, jambulani tsamba lililonse ndi foni, masana pamthunzi, kutsogolo ndi kumbuyo, ngakhale kumbuyo kwa zithunzi chifukwa mayina ndi zaka zimalembedwa kumeneko. Tumizani kwa abale awiri atatu, foni imatayika. Musamate ndi selotepi, imasanduka yachikasu n'kudya pepala. Musakapange laminate, pulasitiki ija ikamatidwa ndi moto siichokanso. Chotsani mapini a dzimbiri, ndipo bokosilo lisakhale pansi pa simenti kapena kutsamira khoma, chinyezi ndi chiswe zimalowera pamenepo. Musasokoneze ndondomeko imene agogo anaikira zinthu, nayonso imanena kanthu.

Makope aja ndiwo chuma chenicheni. Osema ambiri ankalemba dzina pansi pa mwala, koma dzina munthu wina akhoza kulikopera. Kope la mwini wake lonena kuti mwala wakuti unagulidwa tsiku lakuti ndi wakuti ndi umboni umene ogulitsa ziboliboli ku Ulaya amaufuna kwambiri, chifukwa umakweza mtengo. Mlendo wanuyo akhoza kukhaladi wolemba buku, koma wolemba buku zithunzi za masamba zimamukwanira.

Mlaliki Wa Uthenga:
Ine ndingoti samalani. Zinthu za akufa, makamaka zokhudza zifanizo zosema, si zosunga m'nyumba. Ekisodo 20 ikunena momveka. Msuweni wanga anasunga zoterezi, ana ake sanasiye kudwala mpaka tinazitentha.

Mayi a Tadala:
Abusa, mukuti atenthe makalata a amayi awo a agogo? Ndi malisiti? Ziboliboli zija zinaphunzitsa ana sukulu, palibe amene ankazigwadira.

NaPhiri wa ku Bindura:
Zotentha ayi. Koma makalata a kumudziwo muwerenge bwino, mwina muli dzina la mudzi ndi mfumu. Ife tinasowa chonchi, mpaka lero timangodziwa kuti kwathu ndi "ku Ntcheu", basi. Ndinapitako ndi mchemwali wanga, tinangozungulira pa boma n'kubwerera, tikulira m'basi.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Mayi NaPhiri mwandikhudza. Dzulo azakhali aja anditumizira uthenga kuti ndine mwana wopanda mwambo, chonsecho agogo akudwala amene ankawasambitsa ndine. Ndimakumbuka mmene ankatenthetsera mwala pamoto wa nkhuni, kenako n'kuupaka polishi ndi kansanza, mwala wotuwa uja n'kuda bii, kunyezimira. Ankandipatsa ine kansanzako kuti ndimalize. Azakhali sanakhalepo pamenepo ngakhale tsiku limodzi. Mzunguyo ndi waulemu ndithu, anabwera ndi shuga ndi mafuta ophikira.

Mchona Weniweni:
Shuga! Makolo athu anatengedwa ndi Mthandizi ndi Wenela powalonjeza bulangete ndi ufa, lero ndi shuga. Ine ndikuti mapepalawo apite ku Zomba, ku National Archives ya Malawi. Munthuyo anali wa ku Dedza, abwerere kwawo ngakhale papepala.

Kamnyamata Ka Chitungwiza:
Ku Zomba akawaona ndani? Ntchito yonse anaigwirira kuno, ana ake ndi adzukulu ali kuno. National Archives of Zimbabwe ili mu Harare momwemu, National Gallery ilinso ndi laibulale. Komanso chitupa chakalecho musachipereke kwa aliyense. Malamulo a 2013 amati wobadwira mu Zimbabwe, kholo lake lili la dziko la SADC, ndipo ankakhala muno pamene malamulowo ankayamba, ndi nzika yobadwa. Ku ofesi amafuna mapepala a makolo, ine ndinavutika chifukwa a bambo anga anapsa.

Mchona Weniweni:
Iwe mwana, unabadwa liti kuti undiphunzitse za zitupa?

Wa Ku Laibulale:
Kaya Zomba kaya Harare, kusungitsa ndi kupereka n'zosiyana. Mukhoza kusungitsa umwini n'kukhalabe wa banja, koma zilembedwe ndipo asayine onse oyenera. Mlendoyo mumufunse dzina la yunivesite kapena kampani yosindikiza bukulo, alembe pa pepala zimene adzagwiritse ntchito, kuti dzina la agogo ndi la banja lidzatchulidwa, ndiponso kuti adzakutumizirani bukulo. Makalata a m'banja muyambe mwawerenga nokha, mwina muli zinthu zosayenera kutuluka.

Membala wosatchula dzina:
Abale, waimba foni tsopano lino, akuti ulendo wasintha, afika Loweruka lino. Akuti abwera ndi galimoto kuti anyamuliretu. Alamu anga amva kale, sindikudziwa wawauza ndani.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwanawe, ndikufunsanso kachiwiri: agogo aakazi ali moyo, ndipo bokosilo lili m'nyumba mwa ndani? Ngati lili kwa iwo, Loweruka mlendoyo akalankhule ndi iwowo pamodzi ndi azakhali ndi amalume anu, inu mukhale pambali ndi foni muzijambula masamba.