Andibwezera buku la ana ati muli ufiti, ndikonze pati?

Mlembi wa ku Chilomoni: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndalemba buku la ana a Sitandade 7 mpaka Fomu 2, mitu 14. Mtsikana wa zaka 12 wa m'munsi mwa phiri la Mulanje, mlongo wake wamng'ono wasowa atapita kunkhuni cha ku Likhubula, ndiye iye akwera kukamufuna mpaka ku Sapitwa. Kampani ina yosindikiza yakhala nalo miyezi isanu, dzulo andibwezera. Akuti Chichewa chili bwino, nkhani ikukoka, koma mutu 4 ndi mutu 9 ndi za ufiti, sukulu za mipingo sizingagule. M'mutu 4 agogo ake amamudzutsa usiku n'kumupatsa lichero louluka. M'mutu 9 amawoloka nalo chigwembe. Tsono ndikachotsa lichero, mwanayu akafika bwanji pamwamba? Napolo amene amakumana naye m'mutu 12 sanamudandaule.

Mlembi wa ku Joni: Achemwali, musachotse ngakhale chilembo. Ana omwewo amawerenga mabuku achingerezi momwe ana amauluka pa tsache, makolo n'kumanyadira kuti mwana akuphunzira chizungu. Tsache la mzungu lili bwino, lichero lathu ndiye tchimo? Pezani kampani ina, apo ayi sindikizani nokha.

Mkonzi wopuma, Zomba: Mphwanga wa ku Joni, mkwiyo wako ndaumva, inenso ndinali nawo ndili wamng'ono pantchitoyi. Koma ku England lamulo la ufiti analichotsa mu 1951, tsache louluka linatsala la m'nthano basi, palibe nkhalamba imene imagendedwa chifukwa cha ilo. Kuno lamulo la 1911 lidakalipo, ndipo zoti wina wagwa pa lichero timazimvabe pa wailesi.

Mayi a ku Chilomoni, vuto lalikulu si licherolo. Werenganinso mutu 4 pang'onopang'ono. Nkhalamba, usiku, kudzutsa mwana, makolo osadziwa. Mwalemba ndendende mawu amene anthu amanena akafuna kunamizira gogo kuti akuphunzitsa ana ufiti. Ku Neno mu 2016 anapha okalamba anayi mphenzi itapha mtsikana. Mkonzi amene wakubwezeraniyo mwina sanafotokoze bwino, koma fungo analimva.

Mlembi wa ku Chilomoni: Abambo, mwandilasa. Agogowo ndinalemba ndikuganiza za agogo anga enieni, amene ankandidzutsa mbandakucha kuti tipite kudimba. Sindinaone n'komwe mbali imeneyo.

Aphunzitsi a ku Phalombe: Ndiyankhuleko monga amene mabukuwa amathera m'manja mwake. Ndimaphunzitsa Chichewa ku sekondale yoyendera. Chaka china ndinauza a Fomu 1 kuti aliyense alembe nthano yopeka yekha. Mtsikana wina analemba za gogo wopatsa mdzukulu mkanda womusandutsa mbalame, nkhani yokoma kwabasi, ndinaiwerenga kutsogolo. Sabata isanathe anzake anali atayamba kumufunsa kuti agogo akowo amakutengera kuti usiku. Mwanayo anasiya kukhala kutsogolo, kope lija anang'amba tsamba. Chichokereni apo ndimayamba ndaona kuti mphamvu ya m'nkhani ikuchokera kwa ndani ndisanawerengere ana.

Ndipo pa za Napolo, amene mukuti sanamudandaule, ine ndiye ndikumudandaula. Mwamulemba bwanji? Kuno madzi ndi miyala zinatsika ku Michesi mu Marichi 1991, zinabweranso ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. M'kalasi mwanga muli ana amene anataya abale. Mukamusandutsa chinjoka cholavula moto choti mwana achibaye ndi mkondo, akusekani, ena akwiya. Napolo saphedwa. Amasamuka, ndipo munthu wanzeru amamupatuka.

Mlembi wa ku Chilomoni: Aphunzitsi, kunena zoona amamubayadi ndi nthungo ya mkungudza. Ndachita manyazi. Ndiye mwati ndichotse zodabwitsa zonse, likhale buku la mwana wokwera phiri basi?

Mkonzi wopuma, Zomba: Iyayi mayi, mukatero mwapha buku. Kumbukirani nthano zimene tinakulira, za padangotelo, tili tonse. Zodabwitsa zinali mbwee. Mwala unkatseguka, mbalame inkaulula wakupha, chigaza chinkayankhula. Munamvapo mbusa kapena shehe akuletsa nthano zimenezo kuti ndi ufiti? Chifukwa chake n'chakuti mphamvuyo sinkakhala m'thupi mwa mwana ndipo sinkaperekedwa mobisa. Inkakhala m'malo, m'nyama, makamaka m'nyimbo, nyimbo yoti aliyense pabwalopo avomere. Ufiti ndi wa chinsinsi ndi wa munthu mmodzi. Nyimbo ya m'nthano mwana wa aneba amaidziwanso.

Chachiwiri, mphamvu ya m'nthano imabwera ndi mwambo wake. Usacheuke, usatsegule msanga, usauze munthu dzuwa lisanalowe. Mwana akaphwanya, amalipira. Lichero lanu lija lilibe mwambo, lilibe mtengo, limangouluka akafuna. Ndinene mosabisa: ngakhale kukanakhala kuti kulibe nkhani ya mipingo, mutu 9 ndikanaubweza ndine. Mwana wafika pamphepete pa chigwembe, wowerenga wagwira mpweya, inu mwamupulumutsa ndi mizere itatu.

Aphunzitsi a ku Phalombe: Ndipo phirilo lili kale ndi miyambo yake, simukufunika kupeka. Mwana aliyense kuno amadziwa zoti ukapeza chakudya chokonzakonza m'phiri, kaya nthochi zakupsa kaya nsima, udye wekha pomwepo, usaitane mnzako, usatengere kunyumba. Tangoganizani mtsikana wanu, njala yamupweteka, wapeza nsima yotentha pathanthwe, koma akudziwa kuti mlongo wake kwinakwake sanadye masiku atatu. Adye yekha monga mwambo ukunenera, kapena abise nthongo m'chitenje? Ana anga angakangane za zimenezo mpaka belu.

Wojambula wa ku Area 25: Ine monga wojambula ndikusangalala kuti lichero lisauluke. Mwana ali pa lichero m'mwamba ndi chithunzi chimodzi, chathera pomwepo, ndipo chikakhala pachikuto mayi wogula m'sitolo achibweza pashelefu asanatsegule. Kukwera ndiye kuli zithunzi. Ndinakwerako kamodzi mpaka pamwamba, mamita 3,002. Pansi pali Dziwe la Nkhalamba, kenako mikungudza yolendewera ndere ngati ndevu, kanyumba kogona ka Chisepo, ndipo ukayandikira nsonga pali malo oti ukwawe ndi mimba pansi pa miyala ikuluikulu. Chiperoni chikabwera sutha kuona mnzako ali mapazi asanu. Makwangwala a khosi loyera amakutera pafupi kudikira kuti ucheuke akube buledi. Khwangwala ameneyo mupatseni pakamwa, akhale mkhalapakati wadyera, wolozera njira pokhapokha walipidwa.

Mlembi wa ku Joni: Za khwangwala ndagwirizana nazo. Koma mtima ukundiwawabe kuti lichero lituluke m'buku chifukwa cha mantha. Tikamathawa chilichonse chimene anthu amachiopa, titsala ndi Kalulu ndi Fisi mpaka kalekale.

Mkonzi wopuma, Zomba: Ndani wati lituluke? Lichero likhalebe, koma ligwire ntchito ya lichero. Agogo amupatse masana, pabwalo, amayi ake akuona, muli kamba wa paulendo. Likhale chofunda kumutu mvula ikagwa. Ndiye akafika kwa eni phiri, amupatse ntchito: mapira osakanikirana ndi mchenga, awapete dzuwa lisanalowe, akalephera mlongo wake atsala. Mwana wa m'tauni angalire. Uyu apambana chifukwa agogo anamuphunzitsa kupeta, ndi nyimbo yopetera imene mphepo ya m'phiri imavomera. Agogo aja asanduka opulumutsa, ndipo luso limene lapulumutsa mnyamata ndi la mtsikana wa kumudzi.

Mlembi wa ku Joni: Chabwino madala, mwandigwetsa. Koma ine langa la akuluakulu likuuluka ndithu, mudzandibwezere nokha.

Aphunzitsi a ku Phalombe: Chenjezo limodzi, mayi: aphunzitsi aakulu ena akaona mawu oti mizimu adzatsinyabe nkhope. Kuseri kwa chikuto musalembe matsenga kapena mizimu. Lembani nthano ya ulendo wodabwitsa, m'katimo muziti eni phiri. Amene akudziwa amva.

Wojambula wa ku Area 25: Muwerengerenso masamba. Ngati munagwirizana masamba 96, amenewo ndi mapepala aakulu asanu ndi limodzi a masamba 16. Kukwera ndi kupeta zikawonjezera ngakhale masamba anayi, osindikiza akukankhirani ku 112, mtengo wakwera. Pezani podula.

Mlembi wa ku Chilomoni: Ndabweranso patatha masabata awiri. Mutu 2, uja wa kusukulu, ndaudula wonse, sunkapita kulikonse. Napolo tsopano saoneka thupi. Mtsikana amamva phiri likulira pansi pa mapazi, akuona nyerere ndi mbira zikuthawira kumtunda, ndiye amakokera mlongo wake kuchoka m'khwawa madzi asanafike. Mutu 9 ukuyamba chonchi:

"Anagwada pathanthwe, nayala chitenje. Dzuwa linali litapendeka kale. Anatapa mapira aja ndi manja awiri, naponya m'mwamba monga ankachitira agogo, koma mphepo inangoti zii, mchenga ndi mapira zinabwerera limodzi m'lichero. Khwangwala anaseka. 'Kwanu amapeta osayimba?'"

Ndawerengera ana atatu a aneba pakhonde, wamng'ono wa Sitandade 6 anayamba kuvomera nyimboyo ndisanamuuze. Pa nsima ija ndasankha kuti abise nthongo, ndipo chilango chake n'chakuti njira yotsikira imamusokonekera usiku wonse. Ndatsala ndi masamba 98, awiri owonjezera.

Wojambula wa ku Area 25: Awiriwo ndisiyireni. Chithunzi cha pa Dziwe la Nkhalamba ndi cha khwangwala zinali za tsamba lathunthu, ndizichepetsa zikhale za theka, mizere ina tifinya pamathero a mitu. Nditumizireni mutu 9 wonse usiku uno, ndipo mundiuze ngati lichero lake ndi la nsungwi lozungulira lija kapena lakuya.