Kukwera Sapitwa mu Julayi, tingathe?

Wa ku Ndirande: Abale, ine ndi alamu anga tikufuna kukafika pa Sapitwa, pansonga pa phiri la Mulanje, mu Julayi, kuyambira ku Likhubula. Phiri lomwe ndinakwerapo ndi Michiru basi, ndipo bondo langa lamanzere limavuta potsika. Tingathe?

Mayi wa ku Chitakale: Mungathe achimwene, koma osathamanga. Tsiku loyamba kagoneni m'kanyumba ka pa Chisepo, mawa lake mulawirire. Mamita 3,002 si masewera. Kumtundako kuli miyala ikuluikulu, ine pena ndinkachita kukwawa mpaka zikhatho kusupuka. Wokuperekezani mumupeze pa Likhubula pomwepo, musapite nokha.

Wa ku Phalombe: Julayi ndi nyengo ya chiperoni. Nkhungu ikatsika simumuona ngakhale mnzanu ali patsogolo panu. Zikatero bwererani ndithu. Juzi yokhuthala musaiwale, komanso ndodo yothandizira bondolo.

Wa ku Ndirande: Zikomo kwambiri. Ndodo ndadula kale yansungwi.