Tipepese bwanji maliro a kochi wa ana athu kuno ku Canada?

Abale ndi alongo amene mwakhalitsa kuno, ndithandizeni nzeru. A kochi a timu ya hockey ya mwana wanga atisiya sabata yatha. Asiya mayi ndi ana ang'onoang'ono. Anali bambo wokonda banja lawo, ndipo ntchito yophunzitsa ana athuwa ankaigwira mongodzipereka, osalandira kanthu. Ankafika pabwalo la ayezi kusanache, kunja kukuzizira koopsa, n'kumagwada kumanga zingwe za nsapato za ana a eni ngati awo omwe. Wanga ankangogwa poyamba, koma iwo sanatope naye.

Kwathu tikanapita kusiwa, kugona komweko, n'kupereka chipepeso. Nanga kuno? Banja lalengeza mwambo wokumbukira moyo wawo. Kodi ndalama za mu envelopu angazilandire bwino, kapena ndiphike chakudya ndikawapatsire mayiwo? Makolo ena akuti tiike ndodo za hockey pakhomo, monga anthu anachitira mu 2018 pokumbukira amene anamwalira basi ya timu ya hockey ya Humboldt Broncos itachita ngozi. Kodi ana athu avale majezi a timu pa tsiku la mwambowo?

Chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi mwanayu. Akukana kubwereranso kukasewera. Amene munakumanapo nazo, munawalankhula bwanji ana anu?