Chaputala 4 chandikanika, ndingoyang'ana laputopu

Nachisale wa ku Dedza

Anzanga amene munadutsamo kale, ndigawireni nzeru. Ndine mphunzitsi pa CDSS ina kuno ku Dedza ndipo ndikuchita masters ya zamaphunziro. Kafukufuku wanga ndi wa atsikana obwerera kusukulu atabereka, malinga ndi ndondomeko imene boma linakhazikitsa mu 1993. Mafunso ndinafunsa kale. Mawu a atsikanawo, a mother group ndi a ahedi onse ali m'foni.

Koma chaputala 4 cha lipoti la kafukufukuyu, chofotokoza zimene ndapeza, sichikuyambika. Ndikatsegula laputopu madzulo ndimangopezeka ndikukonza mareferensi (mndandanda wa mabuku amene ndagwiritsa ntchito), mwina kuwerenganso chaputala 2 chomwe chinavomerezedwa kalekale. Asupavaiza, amene amandiyang'anira pa kafukufukuyu, akaimba, mtima phaa, foni ndimangoiyang'ana mpaka idula. Si ulesi ayi, poti makope a Fomu 4 ndimachonga mpaka usiku. Kunyumba amangondiuza kuti zengerezu adalinda kwaukwau, ngati kuti sindikudziwa. Chimandipweteka n'choti ana aja anandiululira zakukhosi, ndipo mawu awo angokhala m'foni. Inu munatani?

Bambo a Tadala

Aphunzitsi, mwazilemba kale papepala zimene munajambulazo? Ndikufunsa chifukwa simunanene. Ngati simunatero, vuto si chaputala 4. Simungalembe zimene mwapeza musanaziwone ndi maso. Ola limodzi la zojambula limadya maola anayi kapena kuposa kuti mulilembe liwu ndi liwu, ndiye muwonjezerepo kumasulira m'Chingerezi. Ntchito yotereyi mutu umaithawa chifukwa sudziwa poigwira.

Ine ndinkatenga munthu m'modzi basi. Ndimvere, ndilembe m'Chichewa momwemo, kenako ndidule mzere pansi pa mawu amene andigunda. Nditamaliza anthu angapo, mitu inayamba kuoneka yokha: fizi, wolera mwana, kunyozedwa m'kalasi. Mitu imeneyo ndiye chaputala 4 chanu. Ndipo lero lomwe koperani zojambulazo pa Google Drive kapena pa flash. Foni imabedwa.

Chisomo K.

Mayi, yankhani foni ya asupavaiza. Kapena alembereni pa WhatsApp kuti Lachisanu muwatumizira masamba atatu. Atatu okha, ngakhale oipa. Tsiku limene mwalonjeza munthu limakoka kuposa limene mwadzilonjeza nokha. Iwo anaona madrafuti osalongosoka ambirimbiri, chimene sangathe kukonza ndi tsamba lopanda kanthu.

Za mareferensi, ikani pulogalamu ya Zotero pa laputopu. Ndi yaulere, ndipo imasanja yokha mareferensi m'kalembedwe kotchedwa APA, ndiye pobisalira pamenepo patha.

Nyauhango

Ine ndisiyane pang'ono ndi anzangawa. Madzulo mwaima kale m'kalasi tsiku lonse, mwaphika, mwina magetsi azima. Mphamvu zolembera zichokera kuti? Ine ndinkadzuka 4 koloko m'bandakucha ana asanadzuke, data yozimitsa, n'kutchera alamu ya mphindi 25, njira ija amati Pomodoro. Ikalira ndipume mphindi 5, ndibwereze kamodzi, basi ndikateleke madzi osamba.

China, Loweruka. Maliro sitingathawe, koma si chinkhoswe chilichonse chofuna inu. Uzani abambo akunyumba ndi amayi a kumpingo poyera kuti miyezi itatu ikubwerayi simuoneka pafupipafupi. Ena adandaula, koma ambiri amamva akauzidwa.

Nachisale wa ku Dedza

Zikomo nonse. Bambo a Tadala, mwalasa, ndinalemba awiri okha, enawo sindinawakhudze. Asupavaiza ndawalembera tsopano lino, ayankha kuti Lachisanu lili bwino. Funso lina: pomasulira mawu a atsikanawa, ndisiyemo a Chichewa pambali pa Chingerezi, kapena a Chichewawo apite ku appendix, kumapeto kwa lipoti?