Ethyl acetate akukana kulekana ndi madzi mu separating funnel

Wothandizira mu labu ya pakoleji: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Tinaviika masamba ouma a nimu mu methanol, tinasefa, kenako tinathira madzi ndi ethyl acetate (madzimadzi osungunulira mankhwala) mu separating funnel, fanelo yagalasi ya kampopi pansi yolekanitsira zamadzimadzi zosasakanikirana. Titagwedeza n'kuimika, magawo awiri sanaoneke: pansi pali madzi amodzi obiriwira, pamwamba pali thovu lokhuthala lomwe silikutsika. Kodi ethyl acetate wathu ndiye woipa?

Mphunzitsi wa chemistry: Achimwene, musafulumire kukayikira botolo. Ndikufunseni kaye: methanol munamuchotsa musanathire ethyl acetate? Methanol amasakanikirana ndi madzi pa mlingo uliwonse, amasakanikirananso ndi ethyl acetate, ndiye akachuluka amagwira ziwirizo pamodzi moti ngakhale mutadikira mpaka mawa sizingalekane. Muumitseni pa rotavap (makina ozungulitsa flask ochotsera zamadzimadzi ngati nthunzi), madzi a m'beseni ali pa 40°C, kenako zotsalazo muzisungunule m'madzi n'kuyambiranso.

Wothandizira: Zikomo aphunzitsi. Methanol ali momwemo, pafupifupi theka la zonse, ndipo rotavap tilibe.

Mayi wa mu labu yoyeza zakudya: Popanda rotavap ntchito ithekabe, kungoti idya nthawi. Thirani zonse m'mbale yotakasuka, muikhazike pa water bath (beseni la madzi ofunda) yosapitirira 50°C mkati mwa fume hood (kabati yokokera nthunzi kunja), kutali ndi moto, popeza methanol amayaka ndipo nthunzi yake ndi poizoni. Akachepa, onjezani madzi osungunuliramo mchere mpaka kukhuta, omwe ndi pafupifupi magalamu 36 a sodium chloride pa mamililita 100 a madzi. Mcherewo umakankhira ethyl acetate kunja kwa madzi. Paja popanda mchere, magalamu pafupifupi 8 a ethyl acetate amasungunuka m'mamililita 100 a madzi, ndipo pamenepa m'pamene ambiri amatayira mankhwala omwe akutulutsa m'masamba osadziwa.

Thovulo ndi nkhani ina. Masamba ambiri amakhala ndi saponin, yemwe amachita ngati sopo, choncho kugwedeza mwamphamvu kumangobala thovu. Tembenuzani faneloyo pang'onopang'ono, mlomo wake utaloza kutali ndi nkhope, n'kumatsegula kampopi kuti mpweya utuluke. Lomwe lapangika kalelo likapanda kumvera mchere, lisefeni pa thonje kapena pa Celite (ufa wosefera), apo ayi lizungulitseni mu centrifuge (makina olekanitsa zinthu pozizungulitsa mwaliwiro) kwa mphindi zingapo.

Mphunzitsi: Mayi anena zoona. Ndingowonjezera kuti ulendo wina muyambe kutsuka ndi hexane (madzimadzi osungunula mafuta) methanol asanachotsedwe. Hexane salowana ndi methanol wokhala ndi madzi pang'ono, ndipo amatenga mafuta, phula la masamba ndi gawo la chlorophyll, zomwe zimakulitsa thovu ndi kudetsa faneloyo.

Wothandizira: Tachita monga mwanenera ndipo magawo aoneka, koma onse ndi akuda moti mzere ukuvuta kuona. La ethyl acetate ndi liti?

Bambo wa mu labu yoyeza madzi: Ndi lapamwamba, achimwene, chifukwa mililita imodzi ya ethyl acetate imalemera magalamu 0.90 pamene madzi okhuta mchere amafika 1.2. Walitsani tochi kuseri kwa faneloyo, mzerewo muuona. Komabe ine sindidalira manambala okha: tapani pang'ono gawo lapansi mu test tube, mudonthezeremo madzi, ndipo dontho likasowa mudziwa kuti limenelo ndi la madzi. Chizolowezichi chidzakupulumutsani tsiku lomwe mudzagwiritse ntchito dichloromethane m'malo mwa ethyl acetate, yemwe ndi wosiyana popeza amalemera 1.33 ndipo amakhala pansi. Kwa iyeyu mchere wambiri umabweretsa vuto lina, chifukwa kulemera kwa magawo awiriwo kumayandikana ndipo amachedwa kulekana. Musataye gawo lililonse mpaka ntchito itatha; lembani dzina pa flask iliyonse. Gawo la madzilo mulitsukenso kawiri ndi ethyl acetate watsopano, muphatikize zonse zapamwamba, kenako muthiremo sodium sulfate wouma (ufa woyamwa madzi otsalamo) pang'onopang'ono mpaka ufawo utasiya kuumbika zibuma n'kuyamba kuyenda momasuka mukapukusa flask.